A Lumo, wometa makoswe oyera

Dzina loti a Lumo linachokera ku ntchito yawo. Kwa zaka zambiri anali ndi kachipinda kometera anthu kuseri kwa msika, moyandikana ndi mkulu wina wokonza mawayilesi. M'kachipindamo munali galasi long'aluka pakona, benchi ya odikira, ndi mpando umodzi wozungulira umene anaupeza hotela ina itatsekedwa. Mpandowo ankaukonda kuposa chinthu china chilichonse, ndipo m'mawa uliwonse ankaupukuta asanasambe n'komwe m'manja. Iwo anali munthu wamfupi, wa kamimba kotsogola, ndipo mutu wawo unali dazi lokhalokha. Makasitomala akamawaseka kuti wometa wanji wopanda chometa, ankayankha kuti dazilo ndi umboni woti tsitsi limawaopa.

Ankameta ndi lumo ndi sizasi, mosathamanga, uku pakamwa pakugwira ntchito yake. Munthu akakhala pampando paja ankachokapo atamva za mpira, za ukwati wa eni nyumba, ndi malangizo a kaleredwe ka ana ake ngakhale sanawapemphe. Kenako mumsewu womwewo munabwera anyamata n'kutsegula malo a nyimbo zaphokoso ndi makina olemba mizere m'mutu. Ana onse anathawira kumeneko. Achikulire ena anamwalira, ena tsitsi linawathera lokha, ndipo m'kachipinda muja munatsala a Lumo ndi ntchentche.

Amene anawapezera ntchito ina anali alamu awo, mchimwene wa akazi awo, amene ankayendetsa galimoto pamalo ena ochitira kafukufuku wa matenda a khansa. Alamuwo anali munthu wokonda chipongwe, wa mtundu uja woti akakubweretsera nkhani yabwino uyambe wayang'ana kumbuyo kwako. Anafika Loweruka lina, n'kukhala pampando wozungulira uja ngakhale sankafuna kumetedwa, ndipo ananena kuti kuntchito kwawo akufuna munthu wa dzanja lokhazikika, woti azimeta odwala asanawachite opaleshoni. A Lumo anafunsa ngati odwalawo ndi amuna kapena akazi. Alamu anati n'ngosakaniza, koma ndi odwala abwino, palibe ndi mmodzi yemwe amene anapemphapo galasi.

Lolemba lake a Lumo anavala jekete lawo la ukwati n'kuika lumo, sizasi ndi chipeso m'kachikwama. Anawalandira ndi a Dokotala, mayi wamtali woonda, woyankhula motsitsa ngati pafupi pagona mwana. Anawadutsitsa maofesi onse mpaka kunyumba ina ya kumbuyo yopanda mawindo, ndipo pakhomo anawauza kuti avale chovala choyera ndi nsapato za pulasitiki. Chitseko chitatsegulidwa, choyamba kuwalonjera chinali fungo la utuchi wonyowa, losakanikirana ndi china chake chimene mphuno yawo inachizindikira mutu usanavomere. M'chipindamo munali mashelefu mpaka kudenga, pa shelefu iliyonse mabokosi oonekera m'kati, ndipo m'bokosi lililonse munali makoswe oyera mbee, onenepa, a maso ofiira ngati mikanda.

"Nanga odwala aja ali kuti, a Dokotala?" anafunsa a Lumo.

"Ndi amenewa," anatero a Dokotala.

A Lumo anacheukira kuchitseko, mumtima atayamba kale kusanja mawu okauza alamu awo. Koma patebulo lapakati panali mkulu wina wa magalasi okhuthala, wothandizira a Dokotala, amene aliyense ankangomutcha a Magalasi. Mkuluyo anali atagoneka khoswe ndi mankhwala ndipo ankamumeta cha m'nthiti ndi kamakina. Kametedwe kake kanali komvetsa chisoni. Apa wazula, apa wasiya, ngati kapinga wodya mbuzi. A Lumo anapirira pang'ono, kenako manja anayamba kuwayabwa. Anapempha kamakinako mwaulemu, anakoka khungu la khosweyo ndi zala ziwiri, n'kumeta kamalo kosalala kokhala ndi m'mbali mowongoka. A Magalasi, amene ntchito yometayi inkawanyansa kuyambira kale, anangoti munthuyu ayambe lero lomwe.

Ntchito ya m'chipindamo inali yotere. Panali chotupa cha khansa chimene chinamera chokha mwa khoswe wina kalekale, kudziko lakutali, ndipo khosweyo atafa chotupacho sichinafe. Ankachichotsa mwa khoswe mmodzi, kuchidula tizidutswa ngati njere za mpunga, n'kubzala kachidutswa kamodzi pansi pa khungu la khoswe wina ndi singano yaikulu ya mphako. Pakapita masabata angapo pankatuluka kanthu kolimba ngati nsawawa, kenako n'kukula ngati dzira la njiwa. Makoswe ena ankalandira mankhwala amene a Dokotala ankawayesa, ena ayi, ndipo a Magalasi ankayeza zotupazo ndi kachitsulo koyasamula ngati mlomo wa mbalame kuti aone kumene zikukula msanga. Mbali ina ya chotupacho ankaisamutsira m'makoswe atsopano kuti mbewu isathe. A Dokotala anawauza a Lumo kuti chotupacho n'chachikulu pobadwa kuposa mwana woyamba wa a Dokotalawo, amene panthawiyo anali kale pabanja. A Lumo anati ndiye kuti n'chofunika ulemu, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankachitcha Achikulire.

Gawo lawo linali kumeta, kugwira makoswe pobayidwa, kusintha utuchi ndi kuthira madzi m'mabotolo. Chizolowezi sichitha ndi kusintha nyumba. Khoswe akagona patebulo, a Lumo ankamufunsa kuti lero timeta bwanji bwana, n'kumuuza zigoli za dzulo. Ankachedwa kukonza m'mbali mwa kamalo kometako mpaka a Magalasi kumayang'ana wotchi, ndipo tsiku lina khoswe wina anamuikira kamzere kogawa ubweya pamutu. A Dokotala atamuona anangoti akufuna malo olowetsa singano, khosweyo sakupita kuukwati.

Tsiku lina anafunsa chifukwa chake amavutika kuweta makoswe m'nyumba yozizira ndi kuwapatsa chakudya cha m'matumba, pamene kumsika kuja kuli makoswe ochuluka, amphamvu, oti munthu angathe kudzaza thumba dzuwa lisanafike pamutu. A Dokotala anafotokoza kuti chotupacho sichimera mwa khoswe wamba, chifukwa thupi limazindikira mlendo n'kumupha. Makoswe awowa anali a magazi amodzi. Ankawakwatitsa mchimwene ndi mchemwali wake, ana awonso chimodzimodzi, mibadwo ndi mibadwo, mpaka onse anafanana ngati khoswe mmodzi, ndipo chotupa chikalowa mwa aliyense chimaona ngati chili kwawo.

A Lumo anaika botolo la madzi pansi.

"Ndiye mwati bambo ake a uyu ndi amalume ake omwewo?"

A Dokotala anavomera, n'kuwonjezera kuti mayi ake ndi azakhali ake. A Lumo anayang'ana mashelefu onse aja kwa nthawi yaitali, kenako anati tsopano amvetsa chifukwa chake maso awo ndi ofiira, ndi manyazi.

Panali mbali ina ya ntchitoyo imene sanaizolowere msanga. Chotupa chikafika pa msinkhu umene a Dokotala anaika, khosweyo ankamugoneka tulo tosadzuka kuti asavutike. Ulendo woyamba a Lumo anati akupita kuchimbudzi ndipo anabwerako zonse zitatha. A Dokotala anawalangiza kuti asamawapatse mayina. Iwo anamvera, sanawapatse mayina, anangowapatsa maudindo a makasitomala awo akale: wina wonenepa wosakonda kugwidwa anali a Hedimasitala, wina wosakhazikika anali a Kondakitala. Chimene chinawalimbitsa mtima chinali pamalo okwerera basi. Pafupi ndi kuntchitoko panali chipatala, ndipo madzulo ankadikira basi limodzi ndi anthu ochokera kukalandira mankhwala a khansa. Diso la wometa silinamizika. Ankaona pansi pa duku kapena chipewa mitu imene sinametedwe ndi lumo lililonse, yopanda ngakhale nsidze. Ankawapatsa malo pabenchi, ndipo m'mawa mwake ankagwira a Hedimasitala mosamala koma osathawiranso kuchimbudzi.

Kunyumba sananene kanthu. Akazi awo anali telala, ankasoka pakhonde ndi makina opalasa ndi mwendo, ndipo ankadziwa kuti amuna awo amameta odwala, basi. Koma telala ndi munthu woyang'anitsitsa nsalu. Pochapa anayamba kupeza titsitsi toyera pakolala ya malaya, pamapewa, ngakhale m'thumba la buluku. Amuna awo analibe tsitsi loti lichite imvi, ndipo iwo eni ake mutu unali wakuda bii. Anaonanso kuti a Lumo ayamba kusamba kawiri akangofika, ndipo nthawi zina ankamwetulira okha akudya. Mayiwo sanafunse. Anatola titsitsito m'kabokosi ka machesi mpaka kanadzaza, n'kupita nako kwa achimwene awo, dalaivala uja, kukafunsa kuti nkhalamba imene ikuwalanda mwamuna ndi iti.

Alamu aja atatsegula kabokosiko anagwira pamimba ndi kuseka. Atapeza mpweya anati si mmodzi ayi, alipo ambiri, onse oyera, ndipo alamu amawagwira m'chiuno tsiku ndi tsiku n'kumawanong'oneza za mpira. Anasiya kuseka ataona kuti mlongo wawo wavula nsapato imodzi n'kuigwira m'manja, ndipo anaulula zonse.

A Lumo pofika madzulo anapeza beseni la madzi, sopo ndi zovala zina zili panja pakhomo, akazi awo atakhala pampando wa makina, kabokosi ka machesi kali patebulo. Anadziwa kuti madzi atayika. Anayamba kufotokoza za kafukufuku ndi za anthu a pabenchi aja, koma mayiwo anawadula.

"Abambo, khoswe ndi bwino kusiyana ndi mkazi. Koma m'nyumba mwanga muzilowa mutasamba."

Nkhani inathera pomwepo. Chodabwitsa n'chakuti amene anasunga chinsinsicho mwamphamvu anali mayiwo. Makasitomala awo akafunsa, ankayankha singano ili kukamwa kuti abambo ali ku labu, amagwira za zotupa limodzi ndi madokotala. Posakhalitsa anthu a mumsewumo anayamba kubwera Lamlungu masana kudzaonetsa a Lumo timatuza, njerewere ndi mabala a pamsana. Iwo ankayang'ana mofatsa, mutu atapendeka ngati mmene ankachitira a Dokotala, n'kuuza aliyense kuti apite kuchipatala. Anthuwo ankachoka akutama kuti munthuyu amadziwa ntchito yake.

Tsoka linawapeza pasinki. Tsiku lina atamaliza kubzala Achikulire m'makoswe atsopano, a Lumo ankatsuka zida ali okha m'chipindamo. Ubweya unawalowa m'mphuno, anayetsemula, ndipo singano yaikulu ija inaboola golovesi n'kulowa m'mnofu wa pansi pa chala chachikulu. Lamulo la pamalopo linali loti munthu akabayidwa anene nthawi yomweyo. Koma a Lumo anaganiza za dzina lawo la dzanja lokhazikika, anaganizanso za kachipinda kaja ka ntchentche, ndipo anangopaka sipiriti n'kuvala golovesi ina.

Patapita masiku, pamalo paja panatuluka kanthu kolimba. Pa nthawi ya chakudya chamasana, anzawo atatuluka, anatenga kachitsulo ka a Magalasi n'kudziyeza. Kanali ngati nsawawa. Atayezanso masiku otsatira anapeza kakukula, ndipo njira imeneyi ankaidziwa bwino kuyambira poyambira mpaka pothera. Anaiona mwa a Kondakitala, anaiona mwa a Hedimasitala. Zimene a Dokotala anawaphunzitsa zija, zoti chotupa sichimera mwa mlendo, mantha anazisesa zonse m'mutu. Chimene anatsala nacho chinali chiyembekezo choti poti iwo ndi aakulu thupi kuposa khoswe, mwina Achikulire atenga nthawi kuti awamalize, mwina mvula yoyamba aiona.

Dzanjalo analikulunga bandeji n'kunena kuti linapanidwa ndi chitseko cha basi. Kenako anayamba kukonzeka. Anapita kuseri kwa msika kukakhululukira mkulu wokonza mawayilesi uja pa mkangano wa tsache umene mkuluyo anali atauiwala kalekale. Malumo ndi masizasi anapatsa mkamwini wawo, amene ankagwira ntchito yowotcherera zitsulo ndipo sanadziwe chochita nawo. Mpando wozungulira uja, umene unkakhala pabalaza utafundidwa nsalu, anakautula okha kwa alamu awo, n'kunena mawu ambiri okhudza chibale. Alamu anadabwa koma sanakane. Kunyumba anakhala munthu wofatsa moopsa: ankayamika chakudya chilichonse, ankathandiza kupinda nsalu, ndipo tsiku lina anauza akazi awo kuti pa akazi onse a mumsewumo palibe wopalasa makina mokongola ngati iwo. Kuntchito ankaima kutsogolo kwa mashelefu n'kumauza makoswe kuti tsopano onse ndi amodzi.

Kuyamikira kwa makina kuja ndi kumene kunawagwiritsa. Mayiwo anali atakhala nawo zaka zokwanira kudziwa kuti mwamuna wawo sayamika chinthu popanda chifukwa. M'mawa wina a Lumo akulimbana ndi mabatani a malaya ndi dzanja limodzi, mayiwo anawagwira mkono n'kumasula bandejiyo osapempha. Chotupacho chinali chitafika pa dzira la njiwa, chofiira, chonyezimira. A Lumo anakhala pabedi n'kufotokoza zonse, ndipo pomaliza anati jekete la ukwati lija adzawaveke lomwelo.

Mayiwo analira pang'ono, nkhope ataibisa m'malaya omwe amuna awo ankavalawo. Kenako anapukuta maso, ndipo chisoni chinasanduka ukali.

"Munthu wamkulu, wa zidzukulu, kufa imfa ya khoswe. Pamaliro anthu ndikawauza kuti chiyani?"

Anavala nsapato zawo zopitira kutchalitchi n'kukwera nawo basi. Pageti mlonda anayesa kunena kuti alendo salowa, koma atayang'ana nkhope ya mayiwo anatsegula. A Dokotala anawapeza mu ofesi akumwa tiyi. Anamvetsera nkhani yonse osadula, kenako anavala magolovesi, anatembenuza dzanjalo n'kudina pambali pa chotupacho. A Lumo anakuwa mpaka a Magalasi anasuzumira pakhomo. A Dokotala anati chimenechi n'chithupsa, chadzaza mafinya chifukwa singano inalowa ndi dothi ndipo mwini wake anachifundika m'bandeji m'malo monena. Anawakumbutsa kuti chotupa chija chimakana ngakhale khoswe wa kumsika, ndiye chingamere bwanji mwa munthu wathanzi.

"Kapena kwanu kuli chibale ndi makoswe athuwa?" anafunsa a Dokotala, nkhope ili phee.

"Kuchimuna kwawo sindikudziwako bwino," anayankha mayiwo.

Zitatero a Dokotala anawakalipira a Lumo ndi mawu awo otsitsa aja, amene ankapweteka kuposa kukuwa. Anati chithupsa chonyalanyazidwa chikhoza kudyetsa munthu dzanja lonse, ndipo akadzabisanso ngozi ya mtundu umenewu adzabwerera kumsika. Anawatumiza kuchipatala chapafupi chija, kumene anawang'amba chithupsacho, kuchifinya, n'kuwabaya jakisoni kuthako, akazi awo ataima pambali kuonerera mokhutira. Pobwerera m'basi a Lumo ankangoyang'ana pawindo, nkhope itagwa. Mayiwo anaganiza kuti ndi ululu, koma atawafunsa anapeza kuti bamboyo wakhumudwa. Anati atawatumikira Achikulire nthawi yonseyi, kuwametera malo, kuwatsukira zida, sankayembekeza kuti angawakane ngati munthu wachilendo.

Kuchira kunabwera ndi mavuto ake. Mkamwini anabweza malumo tsiku lomwelo, mosangalala. Koma alamu anakana kubweza mpando. Anati mphatso ya munthu amene akufa sibwezedwa, ndipo si mlandu wawo kuti wakufayo wasintha maganizo. Anauika pakhonde, ndipo madzulo aliwonse ankakhalapo n'kumazungulira kapu ya tiyi ili m'manja, kulonjera odutsa kumanzere ndi kumanja. A Lumo anatuma akazi awo, anatuma mwana wawo, koma alamu ankangoti akaganizira.

Loweruka lina a Lumo anapita okha ndi kachikwama kawo. Anati mpandowo ausiya, koma poti ndi mpando wometera, alole kuti mwini wake watsopano ametedwepo kamodzi, mwaulere, ngati kutsanzikana nawo. Alamu, amene chinthu chaulere sankachidutsa, anakhala bwino n'kutseka maso. A Lumo anawafunditsa nsalu, anawafunsa za matayala a galimoto, ndipo pamwamba pa khutu lakumanja anameta kamalo kosalala, ka ngodya zinayi, m'mbali mwake mowongoka ngati mwa rula. Atatero anapukuta lumo n'kuyamba kulongedza. Alamu atagwirapo anafunsa kuti nanga kwinaku. A Lumo anati masiku ano amameta choncho basi, kwinako amamaliza akakhala pa mpando wawo, m'nyumba mwawo. Dzuwa lisanalowe mpando unafika pa galimoto ya kuntchito, alamu atavala chipewa cha mlongo wawo wina chokhala ndi duwa.

Zaka zinapita, makoswe oyera akubwera ndi kupita. Kenako a Dokotala anayamba kafukufuku wina, wofuna kuyesa mankhwala pa zotupa zochotsedwa mwa anthu odwala. Zimenezo sizikanamera mwa makoswe oyera aja, ndiye anaitanitsa mtundu wina wobadwa wopanda chitetezo cha m'thupi, umene sukana mlendo aliyense. Mabokosi ake anafika m'mawa wina atamatidwa mbali zonse. A Lumo anavula chivindikiro choyamba n'kubwerera m'mbuyo. M'katimo munali tinyama tofiirira, tamakwinya, topanda ubweya kupatula tindevu topiringizika, tonjenjemera ngati nkhalamba zotuluka kubafa m'nyengo yozizira.

"Wameta ndani amenewa?" anafunsa.

A Dokotala anati amabadwa choncho. A Magalasi anayang'ana makoswewo, anayang'ana mutu wa a Lumo, n'kunena kuti ana afanana ndi bambo awo.

A Lumo sanaseke. Anaona kuti zimene zinawachitikira kumsika zawalondola mpaka kuno, ndipo ulendo uno makasitomala abwera atametedwa kuchokera m'mimba. Madzulo ake anauza akazi awo kuti ayambe kuwaphunzitsa kusoka mabatani. Koma m'mawa mwake a Dokotala anawaitana n'kuwauza kuti makoswe atsopanowa ndi ovuta kuposa khanda lobadwa masiku asanakwane. Kachifuwa kakang'ono ka munthu kakhoza kupha shelefu yonse. Madzi awo ndi owiritsa, utuchi wawo ndi wotenthetsa m'makina, chipinda chawo chiyenera kukhala chofunda usana ndi usiku, ndipo wolowamo azivala kuyambira kumutu mpaka kuphazi, pakamwa ndi pamphuno atatseka. Anati akufuna munthu mmodzi woti chipindacho chikhale chake, ndipo asankha iwo chifukwa chiyambire cha chithupsa chija palibe pamalopo wosamba m'manja kawirikawiri ngati a Lumo, kapena wothamangira kukanena akangodzikala ndi pepala.

Anagwira ntchito imeneyo mpaka ukalamba. Poyamba tinyamato tinkawanyansa kugwira, chifukwa tinali tofunda ndi toterera ngati chikhatho cha munthu, koma anatizolowera, ndipo ankadziwa ka shelefu iti kamene sikanamwe madzi bwino. Kuyankhula sanasiye, kungoti mawu ankatulukira m'kansalu kotseka pakamwa, moti a Magalasi akamadutsa pakhomo ankangomva kung'ung'udza ngati kwa munthu wopemphera. Mankhwala ambiri amene anayesedwa m'chipindamo sanagwire ntchito. Amodzi anachepetsa zotupa, ndipo a Dokotala anayenda nawo maulendo kukafotokozera anzawo. Atabwerako anawagulira a Lumo chipewa cha ubweya, n'kunena kuti m'chipinda chofunda chija atulukamo zaka zambiri mutu uli pamtunda, asadzadwale chimfine n'kuwaphera makoswe.

Anapuma ntchito mawondo atayamba kukana makwerero a mashelefu apamwamba. Masiku ano amakhala pakhonde pambali pa makina a akazi awo, kuwalowetsera ulusi m'singano maso a mayiwo akatopa, ndi kumeta zidzukulu zikagwidwa zisanathawire kwa anyamata a mizere. Kudenga kwa nyumba yawo kunalowa makoswe, akuda, a kumsika, amene amathamanga pamwamba pa siling'i n'kumaboola matumba a nsalu. A Lumo anauza akazi awo kuti dzanja lawo silingathe kutchera msampha, ndipo mayiwo sanalimbane nawo. Amatchera okha. M'mawa msampha ukagwira, amawauza abambo kuti apite akagule ulusi wakuda kumsika, ndipo iwo amavala chipewa chawo n'kunyamuka, ngakhale ulusi wakuda uli wodzaza m'kabati. Amayenda pang'onopang'ono, kucheza ndi aliyense wokumana naye, ndipo akabwerera amapereka ulusiwo osafunsa kanthu.